Kanambala komwe kadatseka zitsime za gasi ku Lancashire

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito m'boma, ndaonapo mafailo akuluakulu akufa chifukwa cha kanambala kamodzi kolembedwa m'munsi mwa tsamba, komwe onse adakasainira osakaganizira. N'chifukwa chake mbiri ya ku Lancashire, kumpoto chakumadzulo kwa England, imandikhudza ngati kuti idachitikira patebulo langa.

Nkhani yake ndi ya fracking. Pansi pa nthaka, makilomita awiri kapena kuposerapo, pali mwala wotchedwa shale womwe umasunga gasi. Akatswiri amaboola chitsime n'kupoperamo mwamphamvu madzi osakaniza ndi mchenga komanso mankhwala mpaka mwalawo utang'ambika, gasi n'kumatuluka. Ku America njirayi idatsitsa mtengo wa gasi, ndipo a ku Britain ataona zimenezi adati nafenso tilaweko.

Kampani ya Cuadrilla idayesa njirayi pa Preese Hall, pafupi ndi Blackpool, m'chaka cha 2011. Pa 1 Epulo nthaka idagwedezeka ndi mphamvu ya 2.3, ndipo mu Meyi idagwedezekanso ndi 1.5. Ntchito idaima. Pomwe boma limaloleza kuti ipitirire mu Disembala 2012, lidaika lamulo loti chivomerezi chikangofika pa 0.5, kupopa kuime kaye.

Ife amene tikukumbukira chivomerezi cha 6.0 chomwe chidagwetsa nyumba ku Karonga mu 2009 tikhoza kuseka. Cha 0.5 munthu sachimva n'komwe, amachimva ndi makina. Koma cholinga cha lamulolo chidali kuti tizivomerezi tating'ono tikhale chenjezo chachikulu chisadafike. Ndipo kampaniyo idalowa m'munda ikudziwa malirewo.

Mbali ya ntchito nayo idali ndi nambala yake. Mu 2013 bungwe la Institute of Directors lidatulutsa lipoti loti gasiyu akhoza kubweretsa ntchito 74,000. Sindiwanyoza omwe adakhulupirira, poti Blackpool ndi umodzi mwa mizinda yosaukitsitsa ku England, ndipo munthu wosowa ntchito sawerenga tsamba lomaliza la lipoti. Koma yemwe adathandiza ndi ndalama polemba lipotilo adali Cuadrilla yemweyo. Muofesi, chikalata chikafika timayamba tafunsa kuti walipira inki ndani.

Mu Juni 2015 khonsolo ya Lancashire idakana pempho loboola pa Preston New Road, poopa phokoso ndi kuonongeka kwa maonekedwe a deralo. Mu Okutobala 2016 nduna Sajid Javid, ali ku London, idaphwanya chigamulocho. Apa ndi pomwe boma lidalakwitsa kwambiri, m'kuona kwanga. Anthu omwe poyamba amangodandaula za madzi ndi malole adayamba kufunsa kuti mwini dera ndani. Amayi achikulire odzitcha Nanas adakhazikika pachipata. Mu 2018 amuna atatu omwe adakwera pamwamba pa malole a kampaniyo adatsekeredwa m'ndende, kenaka khoti la apilo lidawamasula.

Komatu si ziwonetserozi zomwe zidaimitsa ntchito. Kupopa kutayamba mu Okutobala 2018, makina adayamba kuwerenga 0.5 mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse ntchito imaima maola 18. Kampani idapempha kuti malire akwezedwe, boma lidakana. Walira mvula walira matope. Natascha Engel, yemwe boma lidamuika kuti aziyang'anira nkhani za gasiyu, adatula pansi udindo mu Epulo 2019 ponena kuti malirewo n'chimodzimodzi kuletsa ntchito yonse. Mwina panthawiyo ambiri adagwirizana naye. Koma pa 26 Ogasiti 2019 nthaka idayankha yokha ndi chivomerezi cha 2.9, chomwe anthu adachimva ali m'nyumba zawo. Bungwe la Oil and Gas Authority litanena kuti n'kosatheka kulosera molondola kukula kwa zivomerezi zotere, boma lidaimitsa fracking ku England mu Novembala chaka chomwecho.

Nkhaniyi idadzukanso kamodzi. Mitengo ya gasi itakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, Liz Truss adachotsa chiletsocho mu Seputembala 2022. Pa 19 Okutobala voti ya fracking idabweretsa chisokonezo m'nyumba ya malamulo pakati pa aphungu a chipani chake chomwe, ndipo mawa lake adalengeza kuti akutula pansi udindo. Sindikuti fracking yokha ndiyo idamugwetsa, mavuto ake adali kale ambiri. Rishi Sunak atalowa, sabata isadathe adabwezeretsa chiletsocho.

Mu 2025 pa Preston New Road padapezekanso ntchito: yothira simenti m'zitsime ziwiri zija kuti zitsekeke.