Kasamalidwe ka Tsitsi Pakati pa Amang'anja Akale

Mafumu ndi alimi a kwa Chapananga, lero tikambe za tsitsi la makolo athu. Pamene Dotolo Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anazizwa ndi mitu ya Amang'anja, nalemba za iyo m'buku lace la 1865. Amuna ena ankaumba tsitsi ngati nyanga za njati, ena nalikulunga ndi luzi cingwecingwe, ena naligwetsera kumsana. Tsitsi lothothoka silingafike pamenepo. Nanga analisunga bwanji, sopo wa kusitolo kulibe?

Anali ndi cewe, thelele lomwe lija timadyera nsima. Masamba ace akawafikisa m'madzi amaturutsa nanda loterera. Ili limacotsa litsiro pakhungu la mutu, ndipo tsitsi lopotana limamasuka lokha popanda kulikoka. Likauma ankadzola mafuta a nsatsi, oyenga akazi m'mphika, kuti lifewe. Kuno ku cigwa, kumene dzuwa la mwezi wa October limaumitsa ngakhale mtsinje wa Mwanza, mafutawo sanali a manyado cabe ai.

Sopo wocapira zobvala atafika m'masitolo, ambiri anamtengera kumutu. Pamenepo ndiye tinaphonya, pakuti sopoyo ngwaukali: amatha mafuta a m'tsitsi, ndipo cipeso cikadzapita pouma, tsitsi limangoduka. Mai amene ali ndi mwana wothothoka tsitsi ayambe wayesa cewe, namsisita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Koma pakakhala zipere kapena zironda, mwanayo apite ku cipatala.