Madzi a Kariba ndi Ludzu la ku Lusitu

Inu abale, pamene muyatsa magetsi ocokera ku Kariba, kumbukirani anthu a m'cigwa ca Gwembe. Kumeneko mvula ndi yocepa, komabe Atonga anali kukolola kawiri pa caka: m'minda ya dzinja, ndiponso m'madimba a m'mbali mwa Zambezi madzi osefukira ataphwa.

Khoma la Kariba, lotalika mamita 128, linamangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959. Pokonzekera nyanja yatsopanoyo, anthu okwana 57,000 a kutsidya lino ndi kutsidya lija anasamutsidwa. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo anakana kucoka. Apolisi a boma la atsamunda anawaombera pa mudzi wa Chisamu, ndipo amuna 8 anafa. Pambuyo pake zikwi za anthu zinatengedwa pa malole kupita ku Lusitu, kumunsi kwa damu.

Mtsinje wa Lusitu uyenda m'dzinja, m'cilimwe uuma. Motero amayi obadwira pa gombe la Zambezi anayamba kufukula mcenga kuti apeze madzi akumwa.

Tsono mukamva za damu latsopano, musafunse za kukula kwake kokha. Funsaninso kuti adzamwa madziwo ndani, ndipo adzasiya minda yao ndani.