Komboni: mudzi umene Amalawi anamanga pa malo a eni ku Mashonaland

Pa famu ya fodya ku Mvurwi, Banket kapena Karoi m'zaka za m'ma 1950 pankakhala midzi iwiri. Kumtunda kunali nyumba ya bwana, ya njerwa zootcha ndi khonde lalikulu, yozunguliridwa ndi kapinga ndi maluwa. Kumunsi, kuseri kwa mabalani ootchera fodya, kunali komboni: tinyumba tophoma ndi dothi, tofolera udzu, tothithikana mpaka utsi wa banja lina kulowa kwa anzawo. Madzulo kumeneko kunkamveka Chinyanja, Chiyao ndi Chisena.

Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linapatsa azungu pafupifupi theka la nthaka ya Southern Rhodesia. Ashona ambiri sankafuna ntchito ya pafamu chifukwa anali ndi minda ndi ng'ombe zawo, choncho eni mafamu anayang'ana kumpoto. Anyamata a ku Nyasaland, atapanikizika ndi msonkho, ankayenda wapansi kudzera ku Tete mpaka ku Mutoko kapena Mount Darwin. Kenaka kunabwera malole onyamula antchito otchedwa Ulere, ndipo mu 1946 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito limene kwathu linatchuka ndi dzina loti Mthandizi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha Britain inayamba kugula fodya wochuluka wa ku Rhodesia, mafamu nawo n'kuchulukana.

Nyumba ya pakomboni wantchito ankamanga yekha. Mitengo ankadula m'tchire la bwana, udzu n'kumweta m'dambo la bwana, ndipo ikatha inali ya bwana. Malipiro ankabwera tikiti ya masiku 30 ikadzaza, kuphatikiza phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Pansi pa Masters and Servants Act, lamulo limene linagwira ntchito kuyambira mu 1901 mpaka dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu, kuthawa ntchito unali mlandu. Munthu akayambana ndi folomani n'kuchotsedwa, ntchito ndi nyumba zinkathera limodzi. Ankamanga mphasa ndi mapoto, mkazi ndi ana pambuyo, kukagogoda pa famu ina.

Fodya akagulitsidwa ku Salisbury (Harare ya lero), mabanja a eni mafamu ankapita kukapuma kugombe la nyanja ku Beira. Damu la Kariba litamangidwa mu 1959, ena anagula maboti ndi nyumba zopumulirako m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Amene anatchola ndi kusankha fodyayo analibe ngakhale pepala la kachipinda kamene ankagonamo.

Komabe anthu anakhazikika. Amene anati akapeza njinga ndi suti abwerera kumudzi anasanduka matchona. Anakwatira, anabereka, anatsegula madambwe, ndipo Gule Wamkulu anadziwika m'mafamu ambiri. Ayao anamanga mizikiti, mpingo wa CCAP unafalikira mpaka kukhala ndi sinodi yakeyake ku Harare, magulu othandizana pa maliro anaika makolo m'manda a kuseri kwa munda wa chimanga. Ufulu utabwera mu 1980 dziko n'kukhala Zimbabwe, mafamu ena anamanga nyumba za njerwa ndi malata, zitsime ndi sukulu. Zinali zabwinoko ndithu, koma mwini wake sanasinthe.

Kuipa kwa dongosolo limeneli kunaonekera poyera mu 2000, pamene mafamu a azungu, amene analipo pafupifupi 4,500, anayamba kulandidwa. Antchito oposa 300,000 ankadalira mafamuwo, ndipo amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Mshona akanatha kubwerera kwa amfumu ake. Mdzukulu wa munthu wa ku Dedza kapena Mangochi, wobadwira ku Raffingora, akanalowera kuti? Ku Malawi sanapondeko. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ambiri aonedwe ngati alendo m'dziko limene anabadwira. Ena anatsalira m'makomboni mwachifundo cha alimi atsopano, kulipira nyumba ndi thukuta lawo. Ena anapita kokumba golide. Ena anakamanga zisakasa ku Epworth ndi ku Porta Farm kufupi ndi Norton. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba zotere pa Operation Murambatsvina, imene bungwe la United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena pogwira ntchito.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Chimenecho chinali chilungamo, ngakhale chinachedwa, koma chitupa sichinabwere ndi malo. Mu Julayi 2020 boma linasaina pangano lolipira eni mafamu akale ndalama zokwana madola 3.5 biliyoni a ku America, chifukwa cha nyumba, mabalani ndi madamu zimene anasiya. Njerwa za zinthu zimenezi anaumba ndi anthu a pakomboni, ndipo panganolo silinawapatse nyumba ngakhale imodzi.