Nambala 2,147,483,647: Gulu Lake ndi Malire Amene Imaika

Nambala 2,147,483,647 ndi yodziwika pa masamu komanso pa kagwiridwe ntchito ka makompyuta. Imapezeka pochulukitsa ma 2 okwana 31, kenako n'kuchotsapo 1.

Nambalayi ili m'gulu la nambala zosagawika, zimene kusukulu amazitcha ma prime number. Izi ndi nambala zimene sizingagawidwe popanda chotsala, kupatula pogawa ndi 1 kapena ndi nambala yomweyo, monga 7, 13 ndi 31. Mwa nambala zosagawikazi muli kagulu kapadera ka zimene zimapezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1. Kaguluka kamatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene analemba mndandanda wake m'chaka cha 1644. Zoyambirira zake ndi 3, 7, 31 ndi 127, ndipo 2,147,483,647 ndi yachisanu ndi chitatu.

Mersenne anangonena kuti nambalayi ndi yosagawika. Amene anapereka umboni ndi Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, m'chaka cha 1772, maso ake atasiya kale kuona bwino. Kwa zaka zambiri pambuyo pake panalibe nambala yosagawika yodziwika yoposa imeneyi. Lero inapitiriridwa kutali: imene inapezeka mu Okutobala 2024 ili ndi madijiti 41,024,320, pamene iyi ili ndi 10 okha.

Nambala iliyonse yosagawika ya Mersenne imabala nambala yangwiro, imene imafanana ndi chiwonkhetso cha nambala zing'onozing'ono zoigawa, monga 6 amene ndi 1 + 2 + 3. Yochokera ku 2,147,483,647 ndi 2,305,843,008,139,952,128.

Kufunika kwa nambalayi masiku ano kwagona pa makompyuta, amene amawerenga pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Mapulogalamu ambiri akale amasunga nambala m'malo 32, amene amatchedwa ma bit. Malo amodzi amasonyeza ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndipo 31 otsalawo akadzaza ndi ma 1, chiwerengero chimakhala 2,147,483,647. Kuwonjezerapo 1 kumachititsa kuti chiwerengerocho chigwere pansi pa ziro.

Makompyuta a mtundu wa Unix amasunga nthawi powerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Masekondiwa adzafika pa malire amenewa pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 ku London, kapena kuti 05:14:07 ku Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Maputo. Sekondi yotsatira, makina osakonzedwa angadzasonyeze tsiku la 13 Disembala 1901, zomwe zingasokoneze malipiro, ngongole ndi kaundula aliyense wodalira tsiku lolondola.

Njira yopewera vutoli ndi kusunga nthawi m'malo 64, ndipo makompyuta ambiri atsopano amatero kale. Nkhawa yatsala pa makina akale amene anaikidwa m'mafakitale ndi m'maofesi kuti agwire ntchito zaka zambiri osasinthidwa.