Mbiri ya Makompyuta Oumbidwa pa Chikombole Chimodzi

Ganizo logawa kompyuta imodzi yaikulu kuti izioneka ngati makompyuta ambirimbiri, munthu aliyense n'kumagwira ntchito ngati ali ndi yakeyake, linayamba m'zaka za m'ma 1960 pamene akatswiri a kampani ya IBM ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anakonza mapulogalamu a CP-40 ndi CP-67, amene anadzabala VM/370 mu 1972. Koma IBM PC itatuluka mu 1981, ntchito inachoka m'chipinda cha makina aakulu n'kumwazikira m'maofesi, ndipo oyang'anira makompyuta anatsala ndi chintchito cholowetsa mapulogalamu omwewo m'makompyuta mazanamazana, imodziimodzi.

Yankho lotchuka linachokera ku Auckland, m'dziko la New Zealand, kumene Murray Haszard analemba pulogalamu ya Ghost mu 1995, yomwe Symantec inadzagula mu 1998. Ghost inkakopera zonse za pa disiki ya kompyuta imodzi yokonzedwa bwino n'kuzithira m'makompyuta ena, monga mmene woumba njerwa amatulutsira njerwa zofanana pa chikombole chimodzi. Apa mpamene panaonekera vuto lomwe latsata ntchitoyi mpaka lero, lakuti kukopera n'kosavuta koma kusiyanitsa zokoperedwazo ndiko kovuta. Makompyuta awiri a dzina limodzi amasokonezana pa netiweki, komanso Windows imapatsa kompyuta iliyonse nambala yoizindikiritsa yotchedwa SID, imene inkakoperedwa limodzi ndi zonse. Microsoft inatulutsa Sysprep, pulogalamu yofafaniza zizindikiro zimenezi kuti kompyuta ikayatsidwa koyamba ilandire zake, pomwe Mark Russinovich analemba pulogalamu yosintha SID yotchedwa NewSID mu 1997 n'kudzaichotsa mu 2009, atafotokoza kuti kufanana kwa nambalayo sikunkabweretsa mavuto amene anthu ankaopa.

Kampani ya VMware, yokhazikitsidwa ku Palo Alto mu 1998, inatulutsa ESX mu 2001, pulogalamu yochititsa kuti seva imodzi isunge makompyuta ambiri opanda thupi, iliyonse ndi Windows yake. Pofika mu 2006 njira yopatsa wantchito kompyuta yotereyi, yomwe amailumikiza ali pa desiki pake kapena kunyumba, inkadziwika ndi dzina loti VDI. Poyamba kompyuta iliyonse inkakoperedwa yathunthu, moti gulu la makompyuta ofanana linkasunga Windows yomweyo mobwerezabwereza pa madisiki okwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama zimene mabungwe ankayembekezera kupulumutsa zinkathera komweko.

Kusintha kwakukulu kunabwera kumapeto kwa 2008 pamene pulogalamu ya VMware yotchedwa View 3 inatuluka ndi View Composer, yomwe inkapanga makompyuta otchedwa linked clone, kutanthauza okoperedwa koma omangirizidwa kwa kholo lawo. Woyang'anira ankakonza kompyuta imodzi ya chitsanzo, n'kuijambula mmene ilili pa nthawiyo, ndipo kuchokera pamenepo pankapangidwa disiki yongowerengedwa, yosalembedwapo, imene gulu lonse linkadalira. Kompyuta iliyonse inkangosunga kadisiki kakang'ono ka zimene zasintha. Pulogalamu ya QuickPrep inkaipatsa dzina n'kuilembetsa pa netiweki ya bungwe mofulumira kuposa Sysprep, popeza sinkasintha SID. Pakatuluka zokonza zatsopano za Windows, woyang'anira ankaziika pa kholo lokha n'kuumbanso gulu lonse usiku umodzi. Kampani ya Citrix inadzera njira ina itagula kampani ya Ardence, yomwe luso lake linali lotumiza disiki imodzi kwa makompyuta ambiri kudzera pa netiweki. Njira zonsezi zinali ndi mtengo wake, chifukwa Lolemba m'mawa, antchito onse akalowa nthawi imodzi, makompyuta mazana ankawerenga disiki imodzimodziyo mpaka zonse n'kumakwawa, ndipo vutoli linachepa madisiki a SSD atatsika mtengo.

Mbali imene mbiri ya lusoli imakonda kuidumpha, chikhalirecho ndi yofunika koposa, ndi ya munthu wokhala pa desikiyo. Magulu a makompyutawa anagawika pawiri: ena opatsa munthu kompyuta yomweyo tsiku lililonse, ena omupatsa iliyonse imene ili yosagwidwa n'kuibwezera mwakale akangotuluka. Gulu lachiwirili ndi losavuta kulisamalira ndipo vairasi sakhalitsamo, koma mlembi wa muofesi ankafika m'mawa n'kupeza kuti makina osindikizira amene anasankha dzulo asowa, siginecha ya m'makalata ake yafufutika, mafayilo amene anawasiya poonekera kulibe. Madandaulo oterewa ena ankawayesa kuvuta chabe, koma anali oona, pakuti munthu amagwira bwino ntchito pamalo pamene wadzikonzera yekha. Njira yakale yokopera zinthu za munthu kuchokera pa seva nthawi iliyonse akalowa inkachedwetsa, ndipo nthawi zina inkaononga zomwe ikunyamulazo. Chinathandiza ndi kuziika pa disiki yapadera yopanda thupi, imene imalumikizidwa ku kompyuta iliyonse imene munthuyo wapatsidwa, luso lomwe linatchukitsa kampani ya FSLogix mpaka Microsoft inaigula mu 2018.

Zinthu za munthu zitalekanitsidwa ndi kompyuta, panalibenso chifukwa choti kompyutayo ikhalitse. Mu 2016 Horizon 7 ya VMware inabweretsa instant clone, imene imaphuka pa kholo loyatsidwa kale n'kugawana nalo memore, kotero imakhala yokonzeka m'masekondi ochepa ndipo imafufutidwa wantchito akatuluka. Mliri wa Covid-19 utatseka maofesi mu 2020, mabungwe ambiri anakulitsa magulu a makompyuta oterewa kuti antchito azilowa ali kunyumba, ndipo chaka chomwecho, potulutsa Horizon 8, VMware inalengeza kuti View Composer ikusiyidwa.