Mfuti ya ku Morocco ndi amayi a Cinsenga a ku Mtenguleni

Febuluwale akayandikira, ife a ku wailesi timayamba kukangana za pulogalamu ya Nc'wala. Caka cino tinafuna kukonza sewero la mbiri ya Angoni, ndipo mnyamata wina wa m'gulu lathu anati tilicite ngati Babel, filimu ya mu 2006 ya Alejandro González Iñárritu. Amene munaionera mukukumbukira: mlenje wa ku Japan apatsa munthu wa ku Morocco mfuti, ana awiri oweta mbuzi aombera basi, cipolopolo cilasa mayi wa ku America, ndipo mlezi wa ana a mayiyo awolokera nawo ku Mexico ku ukwati. Maiko anayi, mfuti imodzi.

Ambiri amaitamanda cifukwa nkhani zake zimalumikizana bwino. Ife titaioneranso tinafunsa cina: pomaliza, tsoka lagwera yani? Mwana wa ku Morocco aomberedwa ndi apolisi, mlezi uja athamangitsidwa ku America kumene anakhala zaka zambiri, koma banja la azungu libwerera kwao. Ndipo dzina limene anthu amatuluka nalo pakamwa ndi la Brad Pitt. Sewero la anthu ambiri limakhalabe ndi mwini wake, ngakhale wolemba asanene.

Mbiri ya Angoni nayo ndi nkhani ya mitundu yambiri. Zwangendaba anacoka kum'mwera nthawi ya nkhondo za Shaka, nawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Anakafera ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Atamwalira gulu linagawikana: a M'mbelwa anakakhazikika kumpoto kwa Malawi, ena anatsala ku Tanzania, a Mpezeni anatsika mpaka kufika kuno. Onjezani Mjeremani Carl Wiese, amene anapeza cilolezo ca malo kwa Mpezeni, kampani ya North Charterland imene inkakhulupirira kuti kuno kuli golide, ndi asilikali ocokera ku Nyasaland amene anabwera ndi mfuti za Maxim mu Januwale 1898. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera impi, anagwidwa naomberedwa. Ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, boma la Fort Jameson linamangidwa, ndipo Nc'wala inazima mpaka mu 1980. Wolemba filimu aliyense angasirire nkhani yotere.

Tinalemba. Pa pepala pathu panali mafumu, nduna, ankhondo ndi azungu awiri, onse amuna. Tikuyeseza, mtsikana amene amatigwirira makina anafunsa cabe kuti, "Nanga ankhondo a Nsingo adzalankhula cilankhulo canji?" Tinakhala cete.

Funso limeneli ndi lalikulu, cifukwa aliyense amene anafikapo ku Mtenguleni akudziwa yankho. Nyimbo za ngoma ndi zitamando za mfumu zimasunga mau akale a Cingoni, anthu amafuula Bayethe, koma amene avala zikopa ndi kunyamula zibonga akamaceza pa okha amalankhula Cinsenga. Cingoni cinatha m'nyumba cifukwa ankhondo anakwatira akazi a Cinsenga ndi a Cicewa, ambiri a iwo ogwidwa pa nkhondo, ndipo mwana amayamwa cilankhulo ca mayi wake. Amayi amenewa sanalowe m'mabuku ndi maina ao, koma anagonjetsa ogonjetsa ao pa mtondo ndi pa mafuwa. Ulusi umene umamanga nkhani yonse ndi iwowo, ndipo ife tinawasiya kunja.

Sitikunyoza mwambo ai. Timapita caka ndi caka Loweruka lomaliza la Febuluwale, timaona Nkosi ya ma Nkosi Mpezeni akulawa zipatso zoyamba za m'munda, ng'ombe yakuda ikulasidwa, alendo a ku Malawi ndi ku South Africa atakhala pamodzi. Koma mwambo uli ndi ufulu wotamanda mbali imodzi. Ndiyo nchito yake. Sewero limene limati ndi la mitundu yonse lilibe ufulu umenewo. Mcewa wa ku Katete amene amapita ku Kulamba ku Mkaika anamva kwa agogo ake za malinga ndi za kuthawira ku mapiri. Mnsenga wa ku Petauke ali ndi zake. Ngakhale Abemba, amene lero timanyozana nao mwa cimbuya pa maliro, cibale cimeneco cinayambira pa mikondo. Onsewa amatsegula wailesi imodzimodzi.

Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia, ankasintha mau yekha kukhala nkhalamba, mwana kapena mfumu, ndipo aliyense ankamveka ngati munthu wamoyo. Ife tinali ndi osewera khumi, koma tinali kumva liu limodzi.

Tinang'amba masamba atatu oyamba. Sewero lathu tsopano limayamba usiku, mayi wa Cinsenga akugoneka mwana amene atate ake apita ndi impi ya Nsingo. Wa makina uja ndiye akusewera mayiyo, ndipo mnyamata wa Babel akali kudandaula kuti nkhondo yacedwa kuyamba.