Kusiya kusamba

"Kusamba" ndi mawu aulemu otchulira msambo, ndipo timati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osasamba, kawirikawiri ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Mawuwa amangotchula chimene chaleka, koma tanthauzo lake n'lalikulu: homoni ya estrogen imachepa m'thupi, motero khungu limauma ndi kupyapyala, mafupa amafooka, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, ndipo kwa ena mimba imafufuma. Alipo amene amati umenewu ndi ukalamba chabe, wosafunika dokotala. N'zoona kuti si matenda, komabe zovuta zambirizi zili ndi thandizo kuchipatala, ndipo magazi akabweranso pambuyo pake, mayi akapimidwe msanga chifukwa nthawi zina zimenezi zimakhala chizindikiro cha khansa ya chiberekero.